Chingwe cha Kumutu

Ndinadzuka kunja kukadali bii. Kuno ku Glasgow kulibe tambala, kulibe mtondo wa m'mamawa, munthu umadzutsidwa ndi zimene wagona nazo mumtima. Ine chinandidzutsa ndi chizolowezi. Miyezi isanu ndakhala ndikudzuka nthawi yomweyo, n'kunyang'ama kupita pakona pa balaza kukaona ngati mabatire a mwana wanga adzaza. Tsiku limeneli miyendo inandinyamulanso yokha, ndipo ndinafika pakonapo ndisanakumbuke kuti lero ndi lokamuika m'manda.

Chotchajira mabatire chinali chikuyakabe, timagetsi tobiriwira tili ngwee ngati maso a mphaka. Masabata atatu mwini wake ali mufiriji ya akufa, koma palibe anachizula pakhoma. Ine sindinachizule. Mkazi wake sanachizule. Tinkangochilambalala.

Pabalaza amayi a mpingo anali atagona pansi, mutu uku miyendo uko, atafunda majasi pamwamba pa zitenje. Kuchezera tinachezera, inde, koma kuchezera kwake kwa pakhosi. Nyumbayi ndi ya m'mwamba, ku Maryhill, pansi pali anthu, m'mbali muli anthu, ndiye nyimbo tinkaimba ngati tikuba. Wina akakweza mawu, mnzake ankamugwira pabondo. Ine zinandiwawa, chifukwa ine ndine wa nyimbo. Kwathu ku Dowa ukwati suyamba ndisanafike, mwana akabadwa nthungululu yoyamba ndi yanga, ngakhale kumunda ndimalima ndikuimba. Sukulu ndinalekeza sitandade yachitatu, izi ndikulemba pang'onopang'ono ngati wosankha nyemba, koma pakamwa Mulungu sanandimane. Ndiye taonani, pa maliro a mwana wanga wachisamba, ine wa nyimbo ndili ndwii, mlomo ngati wosokedwa.

Mwana ameneyu anali wa mapampu chiyambire. Bambo ake atamwalira anamulera ndi achimwene anga, malume ake, amene amakonza mijigo m'midzi. Ankamukweza pakaliyala, sipanala m'manja, mudzi uno lero, mudzi uwo mawa. Sukulu inamutenga, sukulu inamukweza ndege, sukulu inamukhazika kuno, kumene iye ndi anzake ankapanga timapampu toika m'chifuwa cha munthu, pambali pa mtima wotopa, kuti tizithandiza kukankha magazi. Tsiku limene anandifotokozera pafoni ndinaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Mjigo wa m'chifuwa! Mwana wanga, wanga ndithu, wotuluka m'mimba muno!

Nditafika kuno anandigwiritsa kamodzi m'manja. Kulemera kwake ngati dzira la bakha. Mkati muli kagudumu koyandama, kosakhudza paliponse, kongozungulira. Ndinafunsa kuti zaka zonsezi mukuvutikira kanthu aka? Iye amvekere, "Amayi, magazi si madzi a pamjigo. Ukawamenya amasweka, ukawasiya amaundana. Ntchito yonse ili pamenepo."

Nthawi imeneyo n'kuti mtima wake womwe utatopa kale. Madokotala anamuika pampu kuti adikire nayo mtima wina, wa munthu wochita kupereka akamwalira. Sinali imene iye ankapanga, yakeyo inali isanathe. Iyi inali ndi chingwe chotulukira pamimba, chopita ku kabokosi ka m'chiuno, ndi mabatire awiri olendewera m'mapewa. Pogona ankadzilumikiza kukhoma ngati foni. Kulowa m'bafa ayi, kupita kutali ayi, kubwera kumudzi kumene magetsi amazimazima ayi. Ukamugwira pamkono, zii, palibe kugunda. Ukaika khutu pachifuwa umamva ngati njuchi zili m'phanga. Iye ankangoseka. Ankati, "Ndine mbuzi ya pachikhomo, amayi, msipu wanga umathera pamene chingwe chathera." Ndipo ntchito yake ndi anzake aja inali yomweyo, kufuna pampu yopanda chingwe, yoti moto uzilowa podutsa pakhungu, chifukwa pabowo la chingwe ndi pamene matenda amalowera. Zaka zinayi anayenda nacho. M'zaka zimenezo munabadwa mdzukulu wanga wamng'ono. Chaka chachinayi matenda analowa, pabowo pomwepo, ndipo ndi pamene ananditumizira tikiti.

Kukhitchini ndinapeza mkazi wake ataima pawindo, atavala kale zakuda, ketulo ikuwira. Anandipatsa tiyi ndi manja awiri, bondo litapindika monga mwa masiku onse.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

Apongozi. Zaka khumi mwana ameneyu wakhala akunditcha amayi. Ulemu sanachotse, anachotsa umayi, ndipo ine ndinkadziwa tsiku limene anauchotsa, ndi chifukwa chake.

Ndinene pompano, poti ndi zimene ndinadzuka nazo. Matenda aja atalowa m'magazi, mbali imodzi ya thupi inafa, ndipo madokotala anati mtima wina sangamupatsenso. Anagona m'chipatala, ululu usana ululu usiku, kuyankhula kwa mbali imodzi ya kamwa, koma nzeru zonse zilimo. Iye mwini anapempha kuti pampu aizimitse. Madokotala anamumva, koma iye anati sachoka ife awiri tisanamumasule. Mkazi wake anakana. Anakana sabata yathunthu, atafungatira mabatire aja ngati wina akufuna kumulanda khanda. Amene anavomera ndine. Ine womubala ndinagwira mkaziyo dzanja, ndinati mwanawe, mbuzi yatopa, timasule chingwe. Anamupatsa mankhwala ogonetsa, dokotala wamkazi anagwira kabokosi kaja, njuchi zinaleka, ine ndikumuimbira kukhutu.

Madzulo ake achimwene anaimba foni. Analira kaye, analira ndithu, kenako anafunsa monga munthu wa mijigo.

"Chemwali, pampu siima yokha. Alipo waimitsa. Ndani?"

Ine achimwene ndawaopa moyo wanga wonse. Ndi eni mbumba, ndi amene analera mwanayu. Lilime linathamanga mutu usanaganize. Ndinati ine ndinali panja, za kuchipatala amadziwa ndi mkazi wake. Potembenuka, mkazi wake ali pakhomo ndi mbale ya chakudya changa. Anaiika patebulo, anapinda bondo, anatuluka.

Bodza langa linakwera ndege ine ndili pompano. Kumudzi kunamveka kuti mkazi wazimitsa mwamuna ngati wailesi. Kunamveka kuti n'chifukwa chake mtembo sukubwera kwawo, chonsecho mwana wanga anachita kunena yekha kuti amuike kuno, kumene ana ake angamakamuone. Mayi ake a mpongozi wanga, ku Mponela uko, analeka kupita kuchigayo chifukwa cha zala zowaloza. Achimwene anati mkaziyo sadzamusudzula, ndipo iye ndi ana ake asadzaponde pakhomo pathu. Masabata atatu ndinakhala naye nyumba imodzi, zipinda zitatu, windo longotsegukira pang'ono. Iye kundiphikira, ine kudya. Iye kundichapira, ine kuvala. Kuti ndituluke ndikapume, mabasi sindiwadziwa, misewu yonse ndi yofanana, dothi lenileni sindinaliponde chifikireni. Tinkapatukirana m'kanjira ka pakati pa zipinda, mapewa kukhudzana, nkhani osaikhudza.

Ndipo lero inali ntchito yanga kuimirira. Kwathu maliro saikidwa wa kubanja asanafotokoze mmene matenda anayendera, kuyambira poyambira mpaka pamene mpweya unathera. Wa magazi kuno ndinali ine ndekha. Foni ikakhala patsogolo, kumudzi akaonera. Achimwene anali atanena kale kuti ndikanene zimene ndinawauza iwo, anthu onse amve.

Tinatuluka kukadali mdima ngakhale wotchi inkati kwacha. Mvula ya kuno sigwa kuchokera kumwamba, imabwera cham'mbali ngati wina akukuwaza ndi tsache. Ambulera ya mayi wina inatembenuzika tisanafike n'komwe pagalimoto. Tinapita kuholo ya tchalitchi ku Partick, kumene ena anali atayamba kale kuphika. Moto wa maliro ine ndimaudziwa, mafuwa pamzere, utsi m'maso, zikuni zogwetsa dzulo. Apa panali mbaula za gasi m'kachipinda kopanda windo, amayi asanu ndi mmodzi akugundana mbina, mpunga uku, nyemba uku, nkhuku zotuluka m'mapepala zitauma gwa. Mayi wina wa ku Zomba ankathira mchere, wa ku Mzimba anamugwira dzanja.

"Chepetsani, mayi, anthu akubwera ndi mchere wawo m'maso."

"Inu a kumpoto mumadya ngati odwala, tasiyani ndiphike."

Ali mkati mokangana anyezi anapserera, ndipo kachitsulo kochenjeza za utsi ka kudenga kanayamba kulira, pii, pii, pii. Ine ndi mpongozi wanga tinadumpha limodzi. Iye dzanja linali kale m'chikwama, ine ndinali nditathamanga kale kulowera kumene kulibe munthu. Kulira kwake kunali ngati kwa kabokosi kaja moto ukamatha. Mayi wina anakupiza kachitsuloko ndi chitenje mpaka kanaleka, anthu anaseka. Ife awiri sitinaseke. M'chikwama mwakemo ndinaona batire. Ankayendabe nalo.

Anthu anafika, anafika, anafika. A ku Easterhouse anatsika basi atanyowa mpaka m'masokosi. Ena anayendetsa galimoto kuchokera ku Leeds, ku Manchester, maso ali psuu. Amayi ankamangira zitenje pakhomo, pamwamba pa mabuluku ndi majasi, kuti alowe ngati anthu. Anamwino ena anabwera ndi zovala za kuntchito, kudzangogwada n'kubwerera. Ana obadwira kuno ukawapatsa moni amamva bwinobwino, koma amayankha m'chizungu chawo chokhotakhota chija, chimene ngakhale mwana wanga ankati chinamutengera zaka kuti achimve. Kumbuyo kunaima anzake a kuntchito, azungu ndi amwenye, mataye akuda, osadziwa pokhala, osadziwa poika manja. Ndikanakhala ine wakale ndikanawakoka mmodzimmodzi, ndikanawakhazika, ndikanawaphunzitsa povomera nyimbo. Ndinangowayang'ana.

Bokosi linabwera ndi amuna ovala zakuda, oyenda ngati sakuponda pansi. Analitsegula kuti tione nkhope. Masabata atatu a kuzizira anali atamusandutsa ngati chosema, koma mphumi inali ya bambo ake. Ndinaika dzanja pachifuwa. Njuchi kulibe.

Pamenepo wamkulu wa amuna aja anapereka timakhadi kwa mkulu wa mpingo, ndipo mkulu wa mpingo anadzanjuta pafupi nafe kutifotokozera. Kuno, akuti, bokosi amatsitsa ndi abale, aliyense chingwe chake, zingwe zisanu ndi zitatu. Pakakhadi ajambulapo bokosi ndi nambala yosonyeza poima. Nambala wani, chingwe cha kumutu, chinali changa. Nambala thuu, cha kumiyendo, cha mkazi wake. Kenako mkuluyo anatsitsa mawu. Achimwene anali atamuimbira. Akuti kwathu mkazi satsitsa bokosi, koma ngati eni dziko amatero, womubala agwire, winayo ayi.

"Kuti pakhale mtendere, mayi, bwanji kakhadika tipatse bambo wina?" anatero kwa mpongozi wanga, maso ali pansi.

Iye sanadikire kupemphedwa kawiri. Anapereka ndi manja awiri. Kanga ndinakafumbata mpaka kanakwinyika.

Abusa anapemphera, kwaya inaimba, ndiye anaitana wa kubanja. Foni anali ataimangirira pa kamtengo patsogolo panga. M'menemo ndinaona kwathu, kakang'ono ngati chikhatho. Dzuwa likuswa mtengo, tenti pabwalo, anthu mbwee pansi, ndi achimwene pampando, atavala jekete imene mwana wanga anawatumizira. Anali atakalamba m'masabata atatu. Ndinalakalaka kulowa m'foni momwemo, ndikadzigwetse pafumbi, ndikalire mokweza ngati munthu. Kumanzere kwanga mpongozi wanga atazolika, ana awiri atamutsamira. Kutsogolo achimwene. Kumbuyo khoma.

Ndiye ndinachita zimene ndimachita kumunda khasu likalemera. Ndinayamba mong'ung'udza, mawu n'kumabwera pambuyo.

Ndinanena za mtima umene unatopa. Ndinanena za pampu, za chingwe, za mabatire. Ndinanena za mkazi amene zaka zinayi ankasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, n'kuvala magolovesi, n'kutsuka pabowo paja, n'kumata bwinobwino. Mkazi wogona khutu limodzi lili maso. Mkazi amene magetsi atazima nthawi ya chisanu anasintha zingwe mumdima, tochi ataluma ndi mano, ali ndi pakati, ndipo izi anandiuza ndi mwana wanga, iye sanazitchulepo. Amayi anayamba kuvomera chapansipansi, eee, eee. Ndinafika pa chipatala. Apa ndinagwira tebulo.

"Achimwene, mukundimva?"

Chithunzi chinaima, chinayendanso. Anagwedeza mutu.

"Munati pampu siima yokha. Simunaname. Mwana wanu anapempha yekha. Mkazi wake anakana sabata yathunthu. Amene anati timasule ndine. Sindinali panja, achimwene. Ndinali kumutu kwake, ndikumuimbira."

Mawu a kumudzi amachedwa kufika, ndiye ndinaona milomo yawo ikuyenda ndisanamve kanthu.

"Chemwali, ndiye unandinamiza ine?"

"Ndinakunamizani. Ndinaopa. Mwana wa eni wasenza mtolo wanga masabata atatu."

Anavula chipewa, anayang'ana mkati mwake. Munthu amene anaphunzitsa mwana wanga kumasula nati yoyamba. Anayang'ana, anayang'ana, ndiye anati, "Tidzakamba ukafika." Anaimirira, anatuluka m'chithunzi. Panatsala mpando. Mwambo wonse wotsalawo kumudzi kunkaoneka mpando wopanda munthu, ndi anthu akuyang'anana.

Ndinamaliza monga mwambo ufunira. Ndinati mpweya unatha masana, tonse awiri tilipo, ndipo ine monga make sindikuloza munthu chala. Ndisanakhale pansi ndinatambasula dzanja kwa mkulu wa mpingo uja. Anamva. Anapisa m'thumba la jekete, anandipatsa kakhadi ka nambala thuu. Ndinakaika pamiyendo pa mpongozi wanga. Sanandiyang'ane. Sanakane.

Potuluka m'holo ena ankandifinya dzanja. Ena ankayang'ana kumbali. Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti zoterezi sanenera pamaliro, ndipo mayi weniweni sangavomere mwana wake azimitsidwe. Sindinatembenuke. Mwina ananena zoona. Iye sanaone mmene mwana wanga ankalumira pilo.

Kumanda tinapita pagalimoto, pamzere, pang'onopang'ono. Kwathu bokosi limayenda pamapewa, mudzi wonse pambuyo, nyimbo kutsogolo, fumbi kumbuyo. Apa aliyense anali m'kabokosi kake ka galasi, mawindo atachita nthunzi, ndipo pamaloboti maliro amaima kudikira ngati wina aliyense. Basi inalowa pakati pathu, tinasiyana ndi bokosi, tinalipezanso kutsogolo. Tinadutsa pafupi ndi ngalande ina ya madzi akuda, kumene mwana wanga ankayenda masana, kufika pamlatho n'kubwerera, poti mpweya unkathera pomwepo. Pasiteji ya basi nkhalamba ina yachizungu inavula chipewa mvula ili pamutu, mpaka tonse tinadutsa. Ameneyo Mulungu amuone.

Dzenje linali litakumbidwa kale ndi makina, m'mbali atayala nsalu yobiriwira yonga udzu kuti dothi lisaoneke. Koma ndinaliponda dothi, lakuda, lonyowa, lomata kunsapato. Anatiuza mwaulemu kuti tisachedwe, pambuyo pathu pali maliro ena. Mphepo inkalanda mawu a abusa pakamwa pomwe. Ndiye anayamba kuitana manambala. Wani, ndinapita kumutu. Thuu, panapita kanthawi. Anabwera, anaima kumiyendo. Zingwe za m'mbali anagwira akulu a mpingo, anzake a mwana wanga, ndi mayi wina wa imvi amene ankapanga naye mapampu.

Chingwe chake n'chaching'ono, chofewa, cha mphonje kumapeto. Bokosi litayamba kutsika ndinalimbitsa msana kudikira kulemera, koma kulemera kunalibe. Zolemera ananyamula ndi amuna a kumanda, ndi malamba awo aakulu. Chathu chinali chongoperekeza. Chinkatsetsereka m'manja, kutsetsereka, kutsetsereka, mpaka bokosi linakhala pansi.

Mwambo wawo ndi woti ukatero utaye chingwe chigwere pabokosi. Ena onse anataya, phu, phu, phu. Langa dzanja linakana. Ndinayang'ana kumiyendo, nayenso anali atagwirabe, atachikulunga pachala, chala chitayera. Tinaima choncho, mwana wanga atagona pakati pathu, mvula ikutimenya, amuna a zakuda akuba maso kuyang'ana mawotchi.

Kuchipatala ndinayamba ndine. Apa sindinafune kuyamba. Ndinadikira. Anakweza maso, koyamba m'masabata atatu kundiyang'ana kumaso, n'kumasula chala pang'onopang'ono. Anataya. Ndiye ndinataya.

Chimene chinatsatira sindinachikonze. Chinakwera chokha kuchokera m'mimba, chinadutsa pakhosi pamene panali potseka, chinatuluka. Nthungululu! Pamanda! Kwathu nthungululu ya pamanda ndi ya nkhalamba imene yadya zaka zake zonse, osati mwana wosiya ana aang'ono. Koma ine ndinaimba. Ndinaimbira zaka zinayi za basela zimene kachitsulo ka m'chifuwa kaja kanatipatsa. Ndinaimbira mdzukulu amene sakanabadwa. Ndinaimbira mbuzi yanga imene yachoka pachikhomo. Akhwangwala anauluka m'mitengo, azungu anadzidzimuka, mayi wa ku Zomba uja analandira, wa ku Mzimba analandira, manda onse anadzaza. Panalibe wogwira mnzake pabondo.

Tikubwerera kugalimoto, mayi wa imvi uja anandigwira manja onse awiri. Ananena zambiri, ine ndinamva zochepa. Wina wonditanthauzira anati akuti patebulo pawo pali pampu yopanda chingwe, ikuzungulira m'madzi usana ndi usiku. Sanaiike mwa munthu, mwina papita zaka, mwina ivuta, koma zojambula zake zambiri ndi za dzanja la mwana wanga. Ndinati muwauze akaimalize. Ndinati mwana wa wina asadzamangidwe.

Kuholo anthu anadya, nyemba zinali ndi mchere wambiri, anatsanzika. Kuno maliro sagona kawiri, mawa aliyense ali ndi ntchito. Pamene tinkafika kunyumba mdima unali utabwerera kale, ngati tsikulo linangobwerekedwa. Pakhomo pamene m'mawa panali phiri la nsapato panatsala zathu zokha, ndi za mwana wanga, zimene palibe anazisuntha. Mipando yobwereka inali itasanjidwa kukhoma. Pabalaza panali patakula. Foni yanga inali chete, achimwene sanaimbe. Tikiti yanga ili m'Baibulo, kwatsala masabata awiri, ndipo ndikudziwa kuti pabwalo paja mpando uja ukundidikira. Ndikawauza zomwezo. Ngati adzalandire madzi m'manja mwanga, sindikudziwa.

Mdzukulu wanga wamng'ono, uja wobadwa m'zaka za pampu, anakwera pamiyendo panga. Anaika khutu pachifuwa changa monga ankachitira ndi bambo ake. Anamvetsera uku, anamvetsera uku, anadzutsa mutu nkhope itakwinyika, n'kunena kanthu m'chizungu chake chija. Amake anaseka, kuseka kosakaniza ndi misozi.

"Akufuna njuchi. Akuti mwa inu mukungogogoda."

Ana atalowa kuchipinda, mpongozi wanga anatsegula chikwama, anatulutsa batire lija, analiika pambali pa anzake. Tinaima tonse awiri pakona paja, timagetsi tikutiyang'ana. Ine sindinatambasule dzanja. Anawerama yekha, anagwira pulagi, anazula. Timagetsi tinazima. Kamkokomo kena kamene sindinkadziwa kuti ndimakamva kanaleka, nyumba inati zii, zii weniweni, woti sindinamumvepo chifikireni.

Anapita kukhitchini. Ndinamva mbale, ndinamva masupuni, ndinamva madzi. Kenako mawu, osakweza.

"Amayi, bwerani tidye."